Chikopa Chatsopano pa Kamera Yakale

Kamera ya filimu imene yagona m'sutikesi zaka 30 imadzifotokoza yokha mukangoitola. Imalemera m'manja, chitsulo chake n'chozizira, ndipo chikopa chakuda chimene anaikutira nacho chapindika m'makona ngati tsamba louma la nthochi. Mukatsegula chitseko chakumbuyo, chala chimatuluka chitada ndi zinthu zomata ngati phula la mumsewu. Koma mukakoka kachitsulo kopititsira filimu n'kudina batani, mumamva kuti thapu! Moyo ukadalimo.

Kamera yotereyi tiitani? Ena amati sendani chikopa chakalecho, muiveke chofiira kapena chabuluu, iwale ngati yangotuluka m'sitolo. Ena amati musaikhudze n'komwe, chifukwa chipsera chilichonse chili ndi mbiri yake. Enanso amati zakunjazo zilibe ntchito, bola ijambule. Aliyense mwa atatuwa wagwirako mbali ya choonadi, n'chifukwa chake nkhaniyi iyenera kuunikidwa yonse, kuyambira pa chikopa mpaka pa kagiya kobisika mkati. Ine ndaima pa mfundo iyi: kuveka chikopa ndi ntchito yomaliza, osati yoyamba, ndipo kukonza kwabwino ndi kumene sikunamiza munthu za zaka ndi thanzi la kamerayo.

Chifukwa chake makamerawa akufunidwanso

Makamera a digito atafika, zinkaoneka ngati filimu yaikidwa kale m'manda. Polaroid inasiya kupanga filimu yake mu 2008. Kodak inathetsa Kodachrome mu 2009, ndipo mu Januwale 2012 kampaniyo inathawira kukhoti italemedwa ndi ngongole. Koma filimu sinafe. Gulu lotchedwa The Impossible Project linatenga fakitale ya Polaroid ya ku Enschede, m'dziko la Netherlands, n'kuyambanso kupanga filimu yotuluka pompopompo. Ilford ya ku England sinasiye kupanga filimu yakuda ndi yoyera. Kodak inabweretsanso Ektachrome mu 2018, Leica inatulutsanso M6 mu 2022, ndipo mu 2024 kunabwera Pentax 17, kamera yatsopano ya filimu.

Ngakhale zili choncho, makamera atsopano a filimu ndi owerengeka, ndipo abwinowo ndi okwera mtengo. Wofuna kujambula ndi filimu lero amadalira makamera amene anapangidwa iye asanabadwe: Olympus OM-1 ya 1972, Canon AE-1 ya 1976, Nikon FM2 ya 1982, kapena Pentax K1000 imene inapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1997. Palibe fakitale imene ikuwapanganso. Imodzi ikatayidwa kudzala, chiwerengero chatsika ndipo sichidzakweranso. Wokonza makamerawa akusamala nkhokwe imene palibe amene akuthiramo chimanga china.

Chikopa ndi imfa zake

Chikopa cha pakamera si chokongoletsera chokha. Chimathandiza kuti zala zisaterereke, chimatchinga dzanja ku chitsulo chozizira, ndipo chimakwirira masikuluwu ndi timabowo timene mmisiri amalowerapo akafuna kufika mkati. Tikamati chikopa tikuphatikiza zinthu zosiyanasiyana, ndipo chilichonse chili ndi kakalambidwe kake.

Makamera akale a ku Germany, monga a Zeiss Ikon ndi Rolleiflex, ankakutidwa ndi chikopa chenicheni chopyapyala. Chikasamalidwa, chikopa chimenechi chimapirira zaka zambirimbiri. Matenda ake odziwika ndi timatuza totukuka pansi pake, timene osonkhanitsa makamera amati Zeiss bumps. Timatuzati timabadwa pamene mkuwa wa timisomali ta pansi ukumana ndi mafuta ndi asidi a m'chikopa, n'kupanga dzimbiri lobiriwira limene limakankha chikopacho. Mankhwala ake si kutaya chikopa. Mmisiri amachitukula pang'onopang'ono, amapala zobiriwirazo, amapaka chotchinga pamkuwapo, n'kubwezera chikopa chomwecho pamalo pake.

Leica inatenga njira ina. Kuyambira pa makamera ake oyambirira, kudutsa pa M3 ya 1954, inkagwiritsa ntchito vulcanite, mphira wouma wosakaniza ndi sufule, womatidwa pathupi la kamera ndi kutentha. Amaoneka ngati chikopa koma si chikopa. Akakalamba amauma gwa, amang'aluka, n'kumagwa tizidutswa ngati dothi la pakhoma la nyumba yosazira. Sangasendeke wathunthu. Pakagwa kachidutswa kakang'ono, amisiri ena amazira pamenepo pokha ndi zomatira zakuda n'kudindapo maonekedwe ofanana ndi oyandikana nawo.

Makamera a ku Japan a kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anabwera ndi zokutira zofewa za pulasitiki, zokoma kugwira koma zosakhalitsa. Cha pa Minolta XD-7 ya 1977 chimafota, n'kusiya mipata m'mbali. Cha pa Contax 139 Quartz ndi Yashica FX-3 chimasupuka pamwamba, n'kutsala nsalu yomata m'manja. Polaroid SX-70 ya 1972 imaonetsa kusiyanaku bwino lomwe: yoyambirira inavala chikopa chenicheni chimene pa makamera ambiri chikadalipo, pamene mitundu yotsika mtengo imene inatsatira inavala chotchedwa Porvair, chimene lero chimayoyoka ngati ufa.

Motero funso lakuti kodi ndi bwino kusintha chikopa lilibe yankho limodzi. Pa Contax 139 imene chokutira chake chasanduka zinyenyeswa palibe chopulumutsa, ndipo kuiveka china n'kuichitira chifundo. Pa Rolleiflex imene kona imodzi yokha yamatuka, kadontho ka guluu n'kokwanira, ndipo kusenda zonse kungakhale kuwononga.

Chikomekome cha mkuyu

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Pa msika wa makamera akale mwambiwu umakwaniritsidwa tsiku ndi tsiku. Kusintha chikopa kumatenga ola limodzi kapena awiri, ndipo kumaoneka bwino pa chithunzi chotsatsira malonda pa intaneti. Kukonza za mkati kumafuna masiku ndi luso, ndipo sikuoneka. Wogulitsa wosakhulupirika amadziwa mbali yoyambira. Tiyeni tione nyerere zimene zimakhala mkatimo.

Yoyamba ndi phula lija linadetsa chala. Poyamba linali siponji yopyapyala imene opanga ankaika m'timingalande ta chitseko chakumbuyo kuti kuwala kusalowe, ndiponso pamene kalilole wa mkati mwa kamera amamenya akadumpha. Pakapita zaka, siponjiyo imasungunuka. Kuwala kumalowera pampatapo n'kusiya mizere yofiirira pa zithunzi, ndipo zinyenyeswa zake zimagwera m'magiya. Pa Olympus OM-1 vutoli limafika poipa kwambiri, chifukwa siponji ina inaikidwa pamwamba pa galasi limene limatembenuza chithunzi kuti chifike kudiso. Ikasungunuka imadya siliva wa galasilo, ndipo wojambula amaona mabanga osachoka. Kusintha siponji ya pachitseko ndi ya pa kalilole ndi ntchito imene munthu wodekha angaigwire pakhomo: kupala zakalezo ndi kamtengo ka nsungwi, kupukuta ndi sipiriti, n'kumata siponji yatsopano yokhuthala milimita imodzi kapena awiri. M'timingalande topapatiza ena amaikamo ulusi wakuda waubweya, monga ankachitira opanga akale siponji isanafale, ndipo ulusi susungunuka.

Yachiwiri ndi mafuta. Kamera ya makina ili ngati wotchi: liwiro la shutter, kachitseko kamene kamalola kuwala kufika pa filimu, limayendetsedwa ndi timagiya ndi timasipuling'i. Oyilo akauma, sekondi imodzi imasanduka masekondi atatu, kapena shutter imangoima panjira. Canon AE-1 imadziwika ndi kulira kwake ngati chifuwa cha mphumu, kobwera chifukwa cha kuuma kwa mafuta pa magiya oyendetsa kalilole. Pa Agfa Isolette, girisi wobiriwira amene anapakidwa pa lenzi amauma ngati simenti mpaka lenziyo osazunguliranso. Ntchito yothetsa zonsezi amisiri amaitchula ndi zilembo zitatu, CLA, kutanthauza kutsuka, kuthira mafuta ndi kuwongola liwiro. Pano m'pamene ambiri amaphera kamera ndi chikondi. Amapopera mafuta ofewetsera mabawuti, kapena kudonthezera oyilo wa makina osokera. Tsiku loyamba zonse zimayenda myaa. Pakatha milungu, mafutawo ayenderera mpaka pa magalasi ndi pa timasamba tachitsulo timene timachepetsa kuwala, timene timayenera kukhala touma kotheratu. Mmisiri weniweni amathira oyilo ndi nsonga ya singano, pamalo owerengeka okha.

Makamera ambiri ali ndi shutter ya nsalu yopakidwa mphira. Mphirayo ikauma pamabooka timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo njira yotipezera ndi kuunika ndi tochi m'chipinda cha mdima. Pa makamera ngati Leica kapena Zorki, pamene palibe kalilole pakati pa lenzi ndi nsalu, kusiya kamera itayang'ana dzuwa yosavindikira kungaotche bowo pansaluyo, monga mmene ana amayatsira pepala ndi galasi.

Yachitatu ndi magalasi. Chuku chimamera mkati mwa lenzi ngati ukonde wa kangaude. Chikapezedwa msanga chimapukutika, koma chikakhalitsa chimadya utoto wopyapyala wa pamwamba pa galasi n'kusiya zipsera zamuyaya. Magalasi ena a m'lenzi anamatidwa awiriawiri ndi utomoni wa mtengo wotchedwa Canada balsam, ndipo utomoniwo ukayamba kulekana, m'mphepete mumaoneka mitundu ngati ya utawaleza. Malenzi ena, monga Super-Takumar 50mm f/1.4 ya Pentax, ali ndi thorium m'galasi lake ndipo amachita chikasu ndi zaka. Mtundu umenewu umachepa lenziyo ikaikidwa kwa masiku angapo pa kuwala kwa ultraviolet.

Yachinayi ndi mabatire. Mita zambiri zoyezera kuwala zinapangidwira batire la mercury, monga PX625, limene linkapereka mavoliti 1.35 mosasinthasintha mpaka kutha. Chifukwa cha poizoni wa mercury mabatirewa analetsedwa. Ku United States lamulo lake linabwera mu 1996. Batire wamba la mavoliti 1.5 limalowa pamalopo bwinobwino, koma pa makamera ambiri mita imayamba kunama, ndipo bodzalo limasintha pamene batire likutha mphamvu. Njira zilipo: mabatire a zinc-air a m'makina othandiza kumva, amene amapereka pafupifupi mavoliti 1.4 koma sakhalitsa. Kachipangizo kotsitsa mphamvu ya batire la siliva. Kapena kupempha mmisiri kuti awongole mitayo. Makamera ngati Olympus Trip 35 safuna batire chifukwa ali ndi selenium yosandutsa kuwala kukhala magetsi, koma nayo imafooka ndi zaka, makamaka ikasungidwa pachinyontho.

Yachisanu ndi zamagetsi. Zina n'zosavuta: Yashica Electro 35 imalemala chifukwa cha kachidutswa ka mphira kamene kamaphwanyika mkati, ndipo Minolta X-700 nthawi zambiri imadzuka akaisinthira capacitor. Koma kachipangizo ka kompyuta kopangidwira kamera imodzi yokha kakapsa, kulibe sitolo yokagulako kena. Apa m'pamene kamera ya makina okhaokha imapambana, chifukwa giya lothyoka mmisiri waluso angasule lina. Chenjezo limodzi lisaiwalike: kamera iliyonse yokhala ndi fulashi imasunga magetsi okwana mavoliti pafupifupi 300 ngakhale batire litachotsedwa. Wosadziwa asaitsegule.

Mndandanda umenewu ukufotokoza chifukwa chake chikopa chiyenera kudikira. Kuti mmisiri afike pa zambiri mwa zimenezi, ayenera kutukula chokutira kuti apeze masikuluwu. Woveka chikopa chatsopano asanakonze mkati ali ngati wopaka laimu nyumba imene denga lake likudontha. Mvula ikabwera adzayambanso.

Kavekedwe kake

Mkati mukakhala bwino, ntchito ya chikopa imafuna kudekha koposa zida. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chakale chimatukulidwa kuyambira pakona ndi kamtengo kapena kapulasitiki, osati mpeni, kuti utoto usakandike. Makamera akale kwambiri anamatidwa ndi shellac, amene amafewa ndi sipiriti. Chikopacho chikachoka chathunthu chisatayidwe. Ndicho muyezo wodulira chatsopano, komanso ndi gawo la kamerayo limene mwini wake wam'tsogolo angadzalifune.

Kenako guluu yense wakale achoke mpaka chitsulo chisalale, chifukwa kachibuluma kalikonse kotsala kadzaoneka pamwamba. Pansi pa chikopa nthawi zina pamakhala timbale tating'ono tachitsulo totseka mabowo. Timeneti tibwerere pamalo pake. Sipiriti asadonthere mkati. Wofuna kumasula sikuluwu adziwe kuti za makamera a ku Japan zinadulidwa pa muyezo wa JIS, ndipo sikuludiraiva wamba ya Phillips imatafuna mitu yake.

Chokutira chatsopano chikhale chopyapyala, chosafika milimita imodzi, apo ayi chimatulukira m'mbali n'kumakola timabatani. Lero kuli ogulitsa zikopa zodulidwa kale molingana ndi mtundu wa kamera, zokhala ndi guluu kumbuyo. Guluuyo amagwira nthawi yomweyo, choncho amisiri amayamba anyowetsa pang'ono ndi sipiriti kuti chikopacho chithe kusuntha mpaka chikhale pamzere, kenako sipiritiyo akauma chimagwira. Wodula yekha agwiritse ntchito guluu wofewa amene amamatuka akafunika. Supagulu asayandikire kamera. Nthunzi yake imasiya chifunga choyera pa magalasi, ndipo guluuyo amatsekereza masikuluwu moti mmisiri wotsatira adzachita kuswa kuti alowe. Lamulo lalikulu la ntchito yonseyi ndi limeneli: chilichonse chimene wachita, wina adzathe kuchimasula.

Mkangano wa zipsera

Tsopano tibwerere kwa anthu atatu aja. Osonkhanitsa makamera amalemekeza chimene chinatuluka m'fakitale. Kwa iwo, utoto wakuda umene waperepeseka m'makona mpaka mkuwa kuonekera si chilema. Ndi umboni wakuti kamerayo inagwira ntchito m'manja mwa munthu. Ali ndi mfundo. Mu Juni 2022, ku Wetzlar m'dziko la Germany, Leica ya nambala 105, imodzi mwa zoyesera za 1923, imene inali ya Oskar Barnack mwini wake woyambitsa kamerayi, inagulidwa pa mayuro 14.4 miliyoni. Chinthu chotero ndi chuma cha mbiri. Kuchiveka chikopa cha buluu kungakhale ngati kupenta mwala wa zojambula za makolo.

Koma makamera ambiri si otero. K1000 ndi AE-1 zinapangidwa zochuluka zedi kuti ophunzira ndi mabanja azijambulira. Kamera yotere ikavala chikopa chobiriwira, mtsikana wina n'kuikonda, n'kumayenda nayo tsiku ndi tsiku, yapeza moyo wabwino koposa kugona m'kabati ndi chikopa chake chowola. Sindiona cholakwa pamenepo. Ngakhale Leica yeniyeniyo inatulutsapo makamera ochepa otchedwa Luxus cha m'ma 1929, okutidwa ndi golide ndi chikopa cha buluzi. Kukongoletsa kamera si mwambo wachilendo.

Malire ali pa chinyengo. Fakitale ya FED ku Kharkiv inayamba mu 1934 kupanga makamera otengera Leica II, ndipo ku Krasnogorsk kunatuluka Zorki ya maonekedwe omwewo. Anali makamera oona mtima, okhala ndi mayina awoawo. Soviet Union itagwa, ambiri mwa iwo anagwera m'manja mwa akathyali amene anapala chitsulo chake mpaka mkuwa kuwala ngati golide, anawaveka chikopa cha njoka kapena matabwa, anazokotapo dzina la Leica ndi zizindikiro za asilikali a Germany, n'kumawagulitsa kwa alendo. Mpaka lero akuzungulirabe pa intaneti. Luso la manja linalipo ndithu, koma linagwiritsidwa ntchito kupha Zorki yeniyeni kuti pabadwe Leica yabodza. Wosintha chikopa n'kunena poyera kuti wasintha ndi mmisiri. Wosintha kuti abise dzimbiri, chibonyongo kapena dzina, ameneyo ndi wakuba.

Pa kamera iliyonse, tsono, ndi bwino kufunsa mafunso atatu. Kodi ndi yosowa kapena ili ndi mbiri yapadera? Ngati ndi choncho, ikhudzidwe pang'ono zedi. Kodi chokutira chake chingapulumuke? Ngati chingathe, chimatidwenso. Kodi chimene ndikufuna kuchita chingadzamasulidwe? Ngati ayi, ndiyambe ndaganizanso.

Manja amene akutha

Chosowa kwambiri pa ntchitoyi si chikopa kapena siponji, koma anthu. Amisiri amene anaphunzitsidwa m'mafakitale a makamerawa akukalamba, ndipo zipangizo zosinthira zinasiya kupangidwa kalekale. Kuti kamera imodzi idzuke, kawirikawiri ina yofanana nayo imaphwasulidwa. N'chifukwa chake ngakhale kamera yakufa siyenera kutayidwa: galasi lake, chitseko chake, ngakhale sikuluwu imodzi ingapulumutse inzake.

Mu Africa muno luso limeneli lili ndi mbiri yolemekezeka. Malick Sidibé wa ku Bamako, m'dziko la Mali, amene zithunzi zake za achinyamata ovina zinamupatsa mphoto ya Golden Lion ku Venice mu 2007, ankadziwikanso kwawo ngati wokonza makamera, ndipo mashelefu a situdiyo yake anali odzaza ndi makamera akale. Anamwalira mu 2016. Kwa iye kujambula ndi kukonza zinali ntchito za manja omwewo. Achinyamata amene lero akutsegula mafoni ndi kuwotcherera tinthambo tosaoneka bwino ndi maso ali kale ndi theka la luso lofunika. Chotsala ndi kuleza mtima kophunzira makina a timagiya, ndipo mabuku ambiri okonzera makamerawa akupezeka pa intaneti.

Imene ili m'sutikesi mwanu

Kwathu kuno ambiri tikukumbukira wojambula woyenda panjinga, kamera ili pakhosi, amene ankafika pa ukwati kapena pa chinkhoswe, ife n'kudikira milungu kuti filimu idzaze, akatsukitse, zithunzi zibwere. Makamera amenewo sanathe onse. Ena ali m'masutikesi ndi m'makabati, ndipo mdani wawo wamkulu ndi chinyontho cha dzinja, makamaka m'madera a m'mphepete mwa nyanja ngati Nkhata Bay. Chikwama chachikopa chimene kamera inabweramo chimasunga chinyontho ndi kudyetsa chuku, choncho si malo oisungiramo nthawi yaitali. Ichotsedwemo, batire lichotsedwe lisanatayikire mkati, iikidwe m'chidebe chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel. Chinyontho cha maperesenti 40 mpaka 50 ndicho choyenera. Kamodzi pamwezi itulutsidwe, ipitidwe mphepo, shutter idinidwe pa liwiro lililonse kuti mafuta asagone.

Ndipo ntchito yonse ikatha, woweruza ndi mmodzi yekha: mpukutu wa filimu. Ikani wa zithunzi 36, jambulani padzuwa ndi pamthunzi, pafupi ndi patali, mofulumira ndi mochedwa, kenako katsukitseni. Negetivu sidziwa mtundu wa chikopa chimene kamera yavala. Ikatuluka yopanda mizere ya kuwala, zithunzi zitatalikirana mofanana, nkhope zikuoneka bwino, pamenepo dulani chikopa chanu, chakuda kapena chofiira monga mtima wafunira. Chakalecho muchiike mu envulopu, mulembepo tsiku ndi zonse zimene mwasintha, musunge pamodzi ndi kamerayo. Amene adzaitole inu mutachoka adzadziwe chimene chili m'manja mwake.